Ndeke ya pa cithunzi ca agogo: inali ya nkhondo kapena ya sukulu?

M'NYUMBA zambiri za kum'mawa kwa dziko lino mukali mabokosi a citsulo amene makolo anabwera nawo pocokera ku nchito kutsidya kwa Zambezi. Pansi pa bokosi lotere, pamodzi ndi citupa cakale ndi makalata odyedwa ndi njenjete, nthawi zina pamapezeka kacithunzi kosaposa cikhatho ca munthu. Pa kacithunziko paima mwamuna wobvala kabudula wa khaki, manja ali kumbuyo, ndipo kuseri kwake kukuoneka phiko la ndeke, injini ndi mazenera. Mwini wake anatsikira kale kuli cete. Kumbuyo kwa pepalalo sikunalembedwe dzina, malo kapena caka.

Adzukulu akafunsidwa amayankha mosakayika kuti, "Imeneyo ndi ndeke ya mabomba ya pa nkhondo ya Hitler." Ena amaonjezapo kuti agogo anajambulitsa ku Burma, popeza ndi kumene asilikari a Northern Rhodesia Regiment anachukira. Mau amenewa angathe kukhala oona, koma kawiri-kawiri amakhala oona mbali imodzi cabe. Ndeke zambiri zimene zinajambulidwa m'cigawo cino ca Africa pakati pa 1940 ndi 1945 zinali za sukulu. Zina mwa izo zinapangidwadi kuti ziziponya mabomba, koma zitapezeka kuti sizingathe kulimbana ndi ndeke za adani, zinapatsidwa nchito yophunzitsa anyamata kuuluka. Ndeke yotere, munthu akaiyang'ana modekha, imaulula dzina lake, nyengo imene inajambulidwa, mwinanso ngakhale bwalo limene inaimapo. Pamenepo banja limayamba kudziwa kumene kholo lao linali, ndi m'zaka ziti.

Masukulu a ndeke kutsidya kwa Zambezi

Nkhondo itabuka mu September 1939, Britain inafuna oyendetsa ndeke zikwi-zikwi, koma kwao sikunali malo abwino ophunzitsirako. Dzikolo ndi laling'ono, mitambo ndi nkhungu sizicoka kumwamba, ndipo mnyamata amene akali kuphunzira kutera akanatha kukumana ndi ndeke ya Germany asanadziwe n'komwe kutembenuka. Cifukwa cake masukulu anatsegulidwa kutali: ku Canada, ku Australia, ku New Zealand, ku South Africa, ndiponso ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe.

Sukulu yoyamba ya ku Southern Rhodesia inatsegulidwa pa Belvedere, mu Salisbury, m'mwezi wa May 1940. Salisbury ndiye Harare wa lero. Posacedwa masukulu ena anatsegulidwa pa Cranborne ndi pa Mount Hampden kufupi ndi mzinda womwewo, pa Kumalo, Induna ndi Heany kufupi ndi Bulawayo, ndiponso pa Guinea Fowl, Thornhill ndi Moffat kufupi ndi Gwelo, amene tsopano ndi Gweru. Onse pamodzi anali kuchedwa Rhodesian Air Training Group, ndipo mkulu wake anali Charles Meredith. Pamene nkhondo inatha, anyamata oposa 8,000 anali atatsiriza maphunziro ao kumeneko. Ambiri anali a ku Britain, ena a ku Australia ndi ku Greece, ena ana a Azungu a m'dzikomo. Mmodzi wa iwowa anali Ian Smith, amene anthu a dziko lino anadzamdziwa bwino pa zifukwa zina.

Munthu wakuda wa m'dzikomo sanaloledwe kukhala pa mpando wa woyendetsa ndeke. Komabe popanda iye mabwalowo sakanakhalapo. Amene anazula zitsa, kusalaza zulu ndi kunyamula njerwa anali anthu akuda, ambiri a iwo atatengedwa kumidzi mokakamizidwa ndi boma la atsamunda. Mu 1941 kunakhazikitsidwa gulu la Rhodesian Air Askari Corps, la asilikari akuda olonda mabwalowo. Enanso anali ophika, ocapa zobvala, osesa m'mashedi ndi okankha ndeke. M'masiku amenewo anchito oculuka a m'mizinda ya Salisbury ndi Bulawayo anali ocokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena atayenda pansi, ena atakwera malole a Ulere. Cotero sizodabwitsa cithunzi cojambulidwa ku Gwelo cikapezeka lero m'bokosi ku Katete kapena ku Petauke.

Cimene cimathandiza wofufuza ndi cakuti sukulu iliyonse inali ndi nchito yake, ndiponso ndeke zake. Oyamba kumene anali kuphunzirira pa kandeke ka Tiger Moth pa Belvedere, Mount Hampden, Induna ndi Guinea Fowl. Osankhidwa kukayendetsa ndeke zaliwiro zomenyana m'mwamba anali kupita ku Cranborne kapena ku Thornhill, kumene kunali ma Harvard. Osankhidwa kukayendetsa ndeke za mabomba anali kupita ku Kumalo kapena ku Heany, kumene kunali ma Oxford. Pa Moffat panali sukulu ya olondola njira, oponya mabomba ndi owombera mfuti, ndipo pamenepa panali ma Anson, ma Oxford ndi ma Battle. Wodziwa dzina la ndeke wacepetsa kale malo ofunika kuwaganizira.

Kuwerenga mapiko ndi mainjini

Mlenje wodziwa nchito yake sathamangira kunena kuti phazi ili ndi la mbawala kapena la insa. Amayamba wawerama. Cimodzi-modzi ndi cithunzi: ciyenera kuikidwa poyera, pa thebulo, ndi kuyang'anidwa ndi galasi lokulitsa zinthu, kapena kujambulidwa ndi foni kuti cikulitsidwe. Funso loyamba ndi la mapiko, laciwiri ndi la mainjini.

Ngati mapiko ali osanjikizana, ena pamwamba ena pansi, omangidwa ndi mizati ndi mawaya, ndekeyo kawiri-kawiri ndi Tiger Moth, imene sinali ya mabomba konse. Koma ikakhala yaikulupo, ya mphuno yosongoka yonyezimira, ingakhale ya banja la Hawker Hart. Hart inali ndeke ya mabomba imene inayamba nchito mu 1930, ndipo pa nthawiyo inali kuthamanga kuposa ndeke za Britain zimene zinayenera kuithamangitsa. Pofika 1939 inali nkhalamba, ndipo zambiri zinali zitapatsidwa nchito ya sukulu. Pa Hart ya mabomba, mpando wakumbuyo uli ndi mkombero wacitsulo woikapo mfuti. Pa Hart yophunzitsira mkomberowo palibe, m'malo mwake pali kagalasi kochinga mphepo, popeza wokhala pamenepo nayenso anali kuyendetsa. Mbale wake wochedwa Audax amadziwika ndi paipi yaitali yotulutsa utsi ndi ngowe yaitali pansi pa mimba, yotolera makalata pansi ndeke isanatere.

Zimenezi sizibvuta kweni-kweni. Bvuto lalikulu lili pa ndeke ziwiri za mainjini awiri, Anson ndi Oxford, zimene zasokoneza anthu ambiri, ngakhale olemba mabuku.

Anson ndi Oxford

Avro Anson inauluka koyamba mu 1935 ndi kuyamba nchito mu 1936. Nchito yake inali kulondera nyanja zozungulira Britain, itanyamula mabomba ocepa oponyera zombo za adani. Nkhondo itakula, inaoneka kuti ilibe liwiro ndiponso mabomba ake ndi ocepa, cotero inasanduka ndeke ya sukulu. Zinapangidwa zoposa 11,000, ndipo zotsiriza zinacoka pa nchito ya Royal Air Force mu 1968. Airspeed Oxford, imene inauluka koyamba mu 1937, mbiri yake ndi yosiyana. Iyo inapangidwira sukulu kucokera pa ciyambi, kuti mnyamata azolowere mainjini awiri asanapatsidwe ndeke yaikulu ya mabomba. Zinapangidwa zoposa 8,500.

Ziwirizi zili ngati ana a mimba imodzi. Zonse zili ndi mapiko otsika, zonse zili ndi mainjini obulungira a mtundu wa Cheetah, ndipo kukula kwake n'kofanana: mapiko a Anson ndi mamita 17 kucokera nsonga kufika nsonga, a Oxford mamita 16. Zonse nthawi zina zinali ndi kanyumba ka magalasi pamsana, mokhala wowombera mfuti, ndipo nthawi zina kanyumbako kanali kucotsedwa. Cifukwa cake kanyumbako sikathandiza kusiyanitsa.

Poyenera kuyang'ana ndi pa mazenera. Anson ya m'nthawi ya nkhondo ili ndi mzere umodzi wautali wa magalasi m'mbali mwake, woyambira pa mpando wa woyendetsa mpaka kupitirira phiko, ngati mazenera a basi. Munthu angathe kuona kuwala kwa tsidya lina kupyolera m'ndekemo. Oxford ilibe mzere wotere. Mazenera ake a m'mbali ndi ocepa, lililonse lili palokha, ndipo pakati pake pali khoma.

Kenaka ndi pa cibvundikiro ca injini. Injini ya Cheetah ili ndi masilinda 7 oikidwa mozungulira. Pa Anson zoyamba cibvundikiro cinali cothina, cotero mutu wa silinda iliyonse unapangiridwa kotukuka kake, ndipo pa cithunzi pamaoneka matuza ozungulira injini. Ca Oxford ndi cosalala. Apa pafunika kusamala, pakuti ma Anson ena a pambuyo anabvekedwa zibvundikiro zosalala. Matuza akaoneka, ndekeyo ndi Anson mosakayika, koma akasowa, nkhani ikali yosatha ndipo mazenera ndiwo aweruze.

Cacitatu ndi khungu la ndeke. Thupi la Anson linali la mapaipi a citsulo okutidwa ndi nsalu yolimba yopakidwa mankhwala. Dzuwa likawala capambali, pa nsaluyo pamaoneka mizere yoyenda kucokera kutsogolo mpaka kumcira, monga mmene mbariro zimaonekera pa khoma lomatidwa dothi lopyapyala. Thupi la Oxford linali la matabwa opyapyala omatidwa ndi guluu, ndipo limaoneka losalala ngati dzira.

Pali cinthu cina cimene cithunzi sicingaonetse, koma amene anakwerapo Anson sanaciiwale. Mawilo ake anali kukwezedwa ndi dzanja, popukusa cogwirira maulendo ngati 140. Nchito imeneyi inali kugwera wophunzira amene wakhala pambali pa woyendetsa, ndipo pa maulendo aafupi ena anali kungosiya mawilo ali lende. Cotero Anson yojambulidwa m'mwamba mawilo ali pansi sindiye kuti inali pafupi kutera.

Tsono pali Anson ina imene ingasoceretse munthu pa zaka. Masukulu a ku Southern Rhodesia anatsegulidwanso nkhondo itatha, ndipo anagwira nchito mpaka 1954. M'nyengo imeneyo kunabwera Anson yatsopano, yochedwa T.20, yopangidwira makamaka masukulu a dzikolo. Denga lake ndi lokwera, mazenera ake ndi ang'ono, obulungira, lililonse palokha, ndipo mphuno yake ndi ya galasi. Utoto wake unali wa siliva ndi malamba acikasu. Agogo oima pambali pa ndeke yotere anajambulitsa Hitler atafa kale.

Battle, ndeke imene inagonja

Ndeke ya injini imodzi, ya denga lalitali la magalasi, ingakhale Harvard kapena Fairey Battle. Kusiyanitsa kwake kuli pa mphuno. Harvard ili ndi mphuno yophwatalala, yobulungira ngati licero, ndipo thupi lake ndi lalifupi, la anthu awiri. Battle ili ndi mphuno yosongoka, timapaipi ta utsi tondandama m'mbali mwa injini, ndi thupi lalitali kwambiri. Wosazolowera angaiyese Hurricane imene yakokedwa mcira, ndipo sangalakwe kweni-kweni, popeza ziwirizi zinali ndi injini imodzi-modzi ya Rolls-Royce Merlin.

Tsoka la Battle linagona pomwepo. Injini imene pa Hurricane inali kunyamula munthu mmodzi, pa Battle inasenzetsedwa anthu atatu ndi mabomba olemera makilogalamu 450. Pamene inauluka koyamba mu 1936 inaoneka yamakono, koma pofika 1940 inali yocedwa, yokhala ndi mfuti ziwiri zokha zodzitetezera. Pa 14 May 1940, kufupi ndi Sedan m'dziko la France, ndeke za mabomba za Britain 71 zinatumidwa kukaphwanya maulalo amene asilikari a Germany anali kuolokerapo. Zokwana 40 sizinabwerere, ndipo zambiri mwa izo zinali ma Battle. Zitacitika zimenezi Britain inayamba kuzicotsa pa nkhondo. Zoposa 700 zinatumizidwa ku masukulu a ku Canada, zoposa 300 ku Australia, zina ku South Africa, ndipo zowerengeka zinafika ku Southern Rhodesia.

Pa nchito ya sukulu Battle inali ndi nkhope zingapo, ndipo iliyonse imanena zimene ndekeyo inali kucita. Ikakhala ndi denga limodzi lalitali la magalasi, ndiye kuti ikali monga inapangidwira, yonyamula ophunzira kuwombera mfuti kapena kuponya mabomba. Ikakhala ndi timadenga tiwiri tosiyana, kena kutsogolo kena kumbuyo, ngati malinunda awiri, ndiye yophunzitsira kuyendetsa: wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo. Ndipo ikakhala ndi mizere yopendekera, yakuda ndi yowala, pansi pa mapiko ndi pamimba, pamodzi ndi kapulopela kakang'ono kotulukira kumanzere kwa thupi, ndiye yokoka candamale.

Nchito yokoka candamale siinali yosiririka. Ndekeyo inali kukoka thumba lalitali la nsalu pa waya, ndipo ophunzira a m'ndeke ina anali kuwombera thumbalo ndi zipolopolo zeni-zeni. Nsonga za zipolopolo za wophunzira aliyense zinali kubviikidwa mu utoto wa mtundu wake, kuti thumba likatsitsidwa, mabowo awerengedwe ndi kudziwa amene analasa. Kapulopela kaja kanali kuzunguzidwa ndi mphepo ndi kukulunga waya. Mizere yakuda ndi yacikasu inali yocenjeza anyamata a manja onjenjemera kuti candamale ndi thumba, osati ndeke.

Koma si Battle iliyonse ya mu Africa inali ya sukulu. Mu 1940 ndi 1941 gulu la ndeke la South Africa linagwiritsa nchito ma Battle pomenyana ndi asilikari a Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia, kumenenso asilikari a dziko lino anamenya nkhondo. Ngati kholo la pa cithunzi linali msilikari amene anapita kumpoto kudzera ku Kenya, Battle ya kumbuyo kwake ingakhale ya nkhondo ndithu.

Opambana pa masukulu a ku Africa anali asanathe maphunziro. Ambiri anali kupita ku Britain kukazolowera ndeke zazikulu monga Vickers Wellington, zambiri mwa izo zotopa kale ndi nkhondo. Wellington sibvuta kuidziwa: mafupa ake anali olukana mopingasa ngati dengu, ndipo kulukanako kumaoneka m'mazenera ndi pansi pa nsalu. Usiku wa pa 30 May 1942, pamene Britain inafuna kutumiza ndeke zoposa 1,000 ku mzinda wa Cologne, ciwerengero cinakwanira cifukwa cotenga ndeke za m'masukulu amenewa, pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira omwe.

Filimu imene inali kunama

Ndeke za sukulu zinali kupakidwa utoto wacikasu, zina thupi lonse, zina kunsi kokha, kuti zizionekera patali ndi kupewa kugundana. Munthu angayembekeze kuti cikasu cizioneka cowala pa cithunzi cakuda ndi coyera. Si nthawi zonse. M'zaka zimenezo kunali mitundu iwiri ya filimu. Wina unali kuona mitundu yonse monga diso la munthu. Wina, wakale ndi wochipa, unali wakhungu pa cofiira, unali kudetsa cikasu, ndipo buluu unali kumuyeretsa. Pa filimu yotere ndeke yacikasu imatuluka yakuda bii, ndipo wosadziwa amanena kuti ndi ndeke yoponya mabomba usiku, popeza zimenezo ndizo zinali kupakidwa utoto wakuda pamimba.

Njira yogwirira bodza limeneli ili pa cizindikiro cobulungira ca Royal Air Force cimene cili m'mbali mwa thupi la ndeke. Pakati pake ndi pofiira, kenaka mkombero woyera, kenaka wa buluu, ndipo pa ndeke zambiri za m'nkhondo kunja kwake kuli mkombero wacikasu. Ngati pa cithunzi mkombero wa buluu ukuoneka wotuwa, ndipo wakunja ukuoneka wakuda kuposa iwo, filimuyo inali yakale ija, ndipo mbali iliyonse yakuda ya ndekeyo iyenera kukayikiridwa. Kumwamba nakonso kumacitira umboni, pakuti pa filimu yotere thambo limatuluka loyera mbee, lopanda mitambo. Masiku ano kuli mapulogalamu a pa foni opaka mitundu pa zithunzi zakale. Iwo amangolota, ndipo ndeke yacikasu angaibveke utoto wobiriwira kapena wakuda. Cithunzi copakidwa motero ncokongola pa khoma, koma si umboni.

Cizindikiro comweco cimathandizanso pa zaka. Kufikira pakati pa 1942 mkombero woyera unali waukulu. Mu July caka cimeneco lamulo linasintha, ndipo mikombero yoyera ndi yacikasu inacepetsedwa kukhala timizere topyapyala. Cithunzi coonetsa timizere topyapyala sicingakhale ca 1940 kapena 1941. Koma coonetsa mkombero waukulu cingathe kukhala ca pambuyo pa 1942, cifukwa masukulu a kutali sanali kufulumira kupakanso ndeke zimene zinali kuuluka tsiku ndi tsiku. Ndeke za South Africa zinali ndi cizindikiro cofanana, koma pakati pake panali pa mtundu wa lalanje, ndipo pa cithunzi cakuda ndi coyera kusiyana kumeneku sikuoneka.

Nambala ya kumcira

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maso a nkhono a cithunzi ca ndeke ali kumcira. Pa thupi, patsogolo pang'ono pa mcira, ndeke iliyonse ya Royal Air Force inali ndi nambala yake, yolembedwa m'zilembo zazing'ono zakuda. Pa ndeke zambiri za sukulu nambala yomweyo inali kulembedwanso m'zilembo zazikulu pansi pa mapiko, kuti mnyamata wouluka motsika pamwamba pa nyumba za anthu adziwike. Ndeke zoyamba zinali ndi cilembo cimodzi ndi manambala anai. Zilembo zitatha, kunayamba zilembo ziwiri ndi manambala atatu. Ma Battle onse anali ndi cilembo cimodzi: K, L, N, P, R kapena V. Ndeke za South Africa zinali ndi manambala okha, popanda cilembo.

Nambala imeneyi isasokonezedwe ndi zilembo kapena manambala akulu-akulu a pakati pa thupi kapena pamphuno. Amenewo anali a sukulu, ofanana ndi nambala ya pa jezi ya wosewera mpira. Ndeke ikagwa kapena ikasamutsidwa, nambala ya sukulu inali kupatsidwa ndeke ina. Ya kumcira yokha ndiyo siinali kusintha.

Ubwino wake ndi wakuti ndeke iliyonse inali ndi khadi lake ku London, lochedwa Form 78, lolembapo tsiku limene inalandiridwa, magulu amene anaigwiritsa nchito, ndi mathero ake. Makhadi amenewa, pamodzi ndi ena a ngozi, amasungidwa ku Royal Air Force Museum pa Hendon. Bungwe la Air-Britain nalonso linasindikiza mabuku ondandalika manambalawa ndi mbiri yacidule ya ndeke iliyonse, ndipo zambiri zoterezi zimapezekanso pa intaneti. Za ndeke zotumizidwa kutali khadi nthawi zina limanena zocepa, mwina tsiku cabe limene inatumizidwa ku Southern Rhodesia ndi tsiku limene inacotsedwa m'kaundula. Komabe masiku awiri amenewo ndi mpanda wokwanira, pakuti cithunzi cinajambulidwa pakati pake. Pamene mathero a ndeke anali ngozi, maina a amene anafera momwemo angapezeke pa miyala ya manda a nkhondo ku Harare, ku Bulawayo ndi ku Gweru. Anyamata ambiri anathera m'manda amenewo asanaone mdani.

Si cithunzi ciliconse cimene cidzaonetsa nambala. Pa nthawi ya nkhondo kujambula pa mabwalo a ndeke kunali koletsedwa popanda cilolezo, ndipo pa zithunzi zina za boma nambala inali kufutidwa dala. Pa zina munthu waima pomwepo pamene pali nambala. Palinso zina zimene wotsuka anatembenuza filimu, kotero kuti zilembo zikuwerengeka cobwerera, ndipo kapulopela ka kumanzere ka Battle kakuoneka kumanja. Cithunzi cotere cikayang'anidwa pa kalilole cimawongoka.

Nambala ikasowa, zotsala ndi za kumbuyo kwa ndeke. Cipale cofewa pansi ndi anthu obvala makhoti olemera zimaloza ku Canada kapena ku Britain. Makabudula, zisoti za dzuwa, udzu wouma ndi mithunzi yaifupi zimaloza kuno. Phiri la mutu wosalala ngati thebulo, loima lokha m'cigwa, lingakhale Ntabazinduna, limene bwalo la Induna linatengerako dzina, ndipo Heany nayo siili patali ndi phirilo.

Tsono kacithunzi ka m'bokosi kaja kangawerengedwe motere. Mainjini ndi awiri, mazenera ndi mzere umodzi wautali, pa injini pali matuza: imeneyi ndi Anson ya m'nthawi ya nkhondo. Mkombero woyera wa cizindikiro ndi wopyapyala: cithunzi si ca kale kuposa July 1942. Udzu ndi wouma, shedi ndi ya malata, mwamunayo wabvala khaki: ngati m'banja mukukumbukika kuti anagwirapo nchito ku Gwelo, bwalo loyamba kuliganizira ndi Moffat. Mau akuti "mwina" asacotsedwe pamene umboni uli wocepa, cifukwa dzina lolakwika likalembedwa kamodzi, adzukulu a adzukulu adzalibwereza ngati coonadi.

Zopezekazo zilembedwe kumbuyo kwa cithunzi ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, imene inki yake imabooleza kutsogolo. Cithunzi cisamatidwe pulasitiki ya moto monga zimacitikira ndi zitupa, pakuti cikamatidwa sicimatukanso. Envulopu youma, kutali ndi dzuwa ndi ciswe, ndi yokwanira. Ndipo pamwamba pa dzina la ndeke palembedwe dzina la munthuyo, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake. Makhadi a ku Hendon amadziwa nambala ya Anson iliyonse, koma dzina la wophika kapena mlonda amene anaima pambali pake lingapezeke kwa azakhali okalamba okha, ngati afunsidwa akali moyo.